Amisiri a pa Mzere Atabalalika

Ndisanakwatiwe ndinkagulitsa tiyi ndi mpunga wanyemba kuseri kwa msika wa pa boma ku Mangochi, pamalo pomwe tonse tinkangoti pa Mzere. Unali mzere wa zisakasa za amisiri okhoma malata. Ankapanga ndowa, mbaula, mabafa, makeni othirira m'dimba ndi mabokosi a ana opita ku sukulu zogonera komweko. Phokoso lake silinali lamasewera. Wofuna tiyi ankangokweza chala, ine n'kudziwa. Mpaka lero anthu amandinena kuti ndimayankhula ngati ndikukangana ndi munthu, koma ndi pa Mzere pomwe panandizolowetsa kukuwa.

Amuna anga ndinawadziwira pomwepo. Anali munthu wosachuluka zonena, maso pa ntchito basi, ndipo tiyi wanga ankamumwa atazizira kale chifukwa choiwala kuti ndawaikira. Chomwe chinandikopa si nkhope, ngakhale sanali oipa. Kwathu, cha ku Nkope, mnyamata akangomera ndevu amayamba kufunsa za pasipoti. Bambo anga anapita ku Joni ndili wamng'ono, ndipo ndinakula ndikuwadziwira pa chithunzi. Alamu anga onse anali komweko. Achemwali anga ankalera ana okha, kudikirira foni ndi katundu wobwera ndi matransipota. Ine ndinalumbira kuti ukwati wa pa foni sindikuufuna. Ndinkafuna mwamuna woti ndizimuona akudya, woti akadwala ndizimva kutsokomola kwake. Ndiye nditaona munthu wokhala ndi luso m'manja, ntchito yake ili pompano, ndinati mumtima mwanga, uyu sadzapita.

Ntchito yawo pa Mzere inali imodzi yokha: kulumikiza msoko wam'mbali ndi kumanga thako la ndowa. Anzawo ankawaseka kuti adzakalambira pa matako, iwo n'kumangomwetulira nyundo ikugwa. Koma ndowa yodutsa m'manja mwawo sinkadontha, ngakhale uisiye ndi madzi mpaka uiiwale.

Palibe anakhala pansi n'kukonza kuti ntchito izigawidwa chonchi. Akuluakulu ankanena kuti kale mmisiri aliyense ankayamba ndowa yake n'kuimaliza yekha. Koma tauni inakula. Anthu anachuluka, malo odyera anatsegulidwa, ndipo opikula ochokera ku Namwera ndi m'midzi ya m'mbali mwa nyanja anayamba kufuna katundu wambiri nthawi imodzi. Wina anaona kuti mnzake amadula lata mosataya, n'kuyamba kumupatsa kuti azimudulira. Winayo n'kuona kuti uyu msoko wake sudontha. Zinayenda choncho mpaka aliyense anatsala ndi gawo lake, ndipo pa gawo lakelo manja ake ankathamanga okha.

Amisiri analipo ambiri, koma omwe ankagwira ntchito ndi amuna anga anali atatu. Panali bambo ena achikulire a ku Namwera, a chisoti choyera chosachoka kumutu, omwe tinkangowatchula kuti amdala odula. Ankayang'ana lata, n'kulemba ndi msomali, chisizasi chawo n'kudutsamo kamodzi, ndipo zotsalira zawo zinkangokwanira makutu a ndowa. Pambali pawo panali mwini makina opindira, makina opukusa ndi manja, olowetsa lata lathyathyathya n'kulitulutsa lozungulira. Kenako amuna anga. Kumapeto kwa mzere, komwe kunafika waya wa magetsi, kunali wowotcherera, Mkhristu wa cha ku Nankumba, amene ankaika miyendo ya mbaula ndi zogwirira. Lachisanu anzake akapita ku mzikiti ankawalondera zida, Lamulungu iwo n'kumulondera zake. Lata linkalowa mbali ino m'mawa, pofika masana ndowa zili mulu mbali inayo, zofanana ngati mapasa.

Ndipo zonse zinkawatsata pomwepo. Ogulitsa migolo yakale ndi malata otsika pa madenga ankabwera nawo okha pa ngolo. Munthu wina anatsegula sitolo ya misomali, waya ndi penti moyang'anizana ndi Mzere, moti kanthu kakatha ntchito ili mkati, mmisiri ankangowoloka msewu n'kubwerera nyundo isanazizire. Akabaza ankaima pomwepo kudikirira katundu. Ngakhale ine amene, tiyi wanga ankatha chifukwa cha iwowo. Nzeru nayo inkayenda ngati chimfine. Wina akatulukira kapindidwe katsopano ka chitseko cha mbaula, sabata isanathe mzere wonse ukupinda choncho, mwini nzeruyo akutukwana kuti amubera. Ankakangana tsiku ndi tsiku, koma nyundo ikathyoka mpini munthu ankangotambasula dzanja n'kutenga ya yemwe akukangana nayeyo.

Tinakwatirana, tinabereka ana awiri, tikukhala m'kanyumba ka lendi kufupi ndi msika. Sitinali olemera. Koma madzulo aliwonse amuna anga ankalowa m'nyumba akununkha chitsulo, ana n'kuwakwera pamapewa, ndipo ine zimenezo zinkandikwanira.

Tauni yomwe inawalera ija ndi yomwenso inawatulutsa. Mwini malo a pa Mzere anamwalira, ndipo ana ake anaona kuti malo a pafupi ndi msika akwera mtengo. Anagulitsa kwa munthu wofuna kumanga nyumba yosanja ya masitolo, ndipo amisiri anauzidwa kuti mvula ikamatha akhale atasamuka. Anawo sindiwada. Malo anali awo, ndipo nthawi yosamukira anaipereka. Omwe ndimawakwiyira mpaka lero ndi amisiri eni ake.

Anakumana onse tsiku lina Asilamu atachoka ku mapemphero a swala ya Lachisanu, ine ndikuwathirira tiyi. Malo osamukirako anali atapezeka awiri. Ena anali aakulu koma kunja kwa tauni, kopanda magetsi, ndipo wowotcherera anati iye sangawotcherere ndi malovu. Enawo anali m'mbali mwa msewu, magetsi alipo, koma opanikiza, oti anthu ena akanatsala. Funso loti atsale ndani ndi lomwe linayatsa moto. Amdala odula anati popanda iwo enawo akanamangotaya malata. Mwini makina anati makinawo ndi ake, akhoza kuwanyamula n'kupita nawo komwe angafune. Amuna anga, munthu wofatsa uja, anaimirira n'kunena kuti anthu amatsata ndowa yosadontha, osati yodulidwa mokongola. Ndinatsala pang'ono kuwakhuthulira tiyi kumutu. Aliyense ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti makasitomala ankadzera iyeyo, kuti ndi iyeyo amene anabereka anzake kumsana zaka zonsezi. Anabalalika osagwirizana kanthu, ndipo sanadzakumanenso.

“Tiyeni kumudzi kwanu,” anatero amuna anga titafika kunyumba. “Kuchokera ku Nkope mpaka ku Makokola kulibe wokhoma ndowa ndi mmodzi yemwe. Kuno timalimbirana kasitomala mmodzi tonsefe. Kumeneko onse adzakhala anga.”

“Nanga adzakudulirani ndani?” ndinafunsa.

“Mayi, ine ndinaphunzira ndowa yonse musanandidziwe n'komwe.”

Sankanama. Anaphunziradi yonse ali mnyamata. Kungoti panali patapita zaka zambiri asanagwire chisizasi.

Tinasamukira kwa amayi anga. Amuna anga anamanga chisakasa pansi pa mtengo wa mango m'mbali mwa msewu, anaika chidutswa chawo cha njanji chokhomerapo, n'kupachika ndowa imodzi pa nthambi kuti odutsa adziwe. Masiku oyamba anthu ankabwera kudzaonerera. Amayi anga ankanyadira kuti pa akamwini onse a m'mudzimo, wawo yekha ndi amene amagona m'nyumba mwake.

Vuto linayambira pa kudula. Lata lomwe amdala aja ankatulutsamo ndowa zingapo, amuna anga ankatulutsamo zochepa, zotsalira zili mbwee pansi. Kupinda ankapindira pa chipika cha mtengo, popeza makina panalibe, ndipo ndowa inkatuluka yamakona ngati yagwa pa lole. Msoko wokha ndi womwe unali wabwino, msoko wokongola pa ndowa yokhota. Mbaula anasiya kupanga, chifukwa wowotcherera wapafupi anali kutali, komanso magetsi kumeneko ankabwera akafuna. Timisomali ta makutu tikatha, kapena lata likaperewera pang'ono, linali tsiku lathunthu lotayika: kudikirira minibasi, kupita pa boma, kubwerera dzuwa litapendeka, nyundo isanagwe ndi kamodzi komwe.

Makasitomala onse aja nawo sanaoneke. Munthu wa kumudzi akafuna ndowa amadikirira tsiku lopita ku tauni, komwe akasankhe pa zambiri. Kwa amuna anga ankabwera ndi mapoto obooka, maketulo oduka zogwirira ndi nyali zakale. Mmisiri wa pa Mzere anasanduka womata mapoto. Ine ndinabwerera ku ntchito ya akazi a kwathu, kugula usipa pa gombe, kuuyanika pa thandala n'kukagulitsa, ndipo ndi usipawo womwe unkatidyetsa. Amuna anga ankadziwa zimenezo. Anayamba kudya mwamanyazi, ngati munthu wodyera pa maliro a munthu wosamudziwa.

Kenako kunabwera bambo wina wogula zinthu za hotela ina ya cha ku Makokola. Kale ankagula pa Mzere, ndipo anawazindikira amuna anga akudutsa pa galimoto. Anaimitsa, n'kutsika akusekerera. Ankafuna mabini a zinyalala okhala ndi zivindikiro, ambiri ndithu, oti aikidwe m'zipinda ndi pabwalo nyengo ya Khirisimasi isanafike. Pa Mzere imeneyo inali ntchito ya masiku ochepa. Amuna anga anavomera osaphethira n'komwe.

Sindinawaonepo akugwira ntchito ngati nthawi imeneyo. Ankayamba akangoswali m'mawa, n'kumapumira pa swala pokha. Zala zinachekeka, anazikulunga nsanza n'kupitiriza. Ine ndinasiya usipa n'kumawagwirira lata pa chipika mpaka m'manja mwanga munatuluka matuza. Tinkakangana, ine ndikuti akupindira mbali imodzi, iwo akuti ndikugwira ngati sindinadye. Zivindikiro ndi zomwe zinatimaliza. Bini iliyonse inkatuluka ndi kukula kwakekwake, ndiye chivindikiro cha iyi sichinkalowa pa iyo, ndipo chilichonse chinkafunika kuchiyeza ndi kuchidula pachokha.

Tsiku lomwe bambo uja anabwera, mabini anali asanakwane ndi theka lomwe. Amuna anga anawandandalika m'mbali mwa msewu, ndipo atawaika pamodzi ndi pomwe tonse tinaona bwinobwino: ena aatali, ena onenepa, ena otsamira kumanzere. Bamboyo anazungulira, anakweza chivindikiro chimodzi, ndipo chinakana kubwerera. Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anangofunsa mwaulemu kuti, “Achimwene, anzanu aja ali kuti?” Atauzidwa anapukusa mutu, n'kunena kuti abwana ake sangalandire zinthu zosafanana, akaona ku Blantyre komwe amapanga zambiri pamodzi. Anatengapo awiri, ndipo ndikudziwa kuti anangotengera chisoni.

Amuna anga anakhala pa chipika chija mpaka mthunzi unawachokera, iwo osasuntha. Madzulo ake tikudya ananena osandiyang'ana: “Alamu anu aja akuti ku Joni kuli mafakitale a malata, ogundizanagundizana. Akuti munthu wodziwa msoko sasowa pogwira.”

Ndinasiya kudya. Ndinawauza mawu omwe sindingawalembe pano, mpaka amayi anga anatsokomola kunyumba kwawo kuti ndidziwe kuti akumva. Nditatha kukalipa ndinati ngati vuto ndi anzawo aja, anzawowo sanafe, ndikawatenga ndine. Nthawi imeneyo n'kuti ndili ndi pakati pa mwana wachitatu, koma palibe akanandiletsa.

Ndinakwera minibasi mpaka pa boma, kenako ina yowoloka mlatho wa pa Shire n'kukwera mapiri a ku Namwera, mseru ukundivuta pa makona onse. Amdala odula sanavute kuwapeza. Anali m'chigafa akusoka fodya, chisoti chija chitada ndi utomoni.

“Salaam aleikum, atati,” ndinawapatsa moni.

“Aleikum salaam. Ee, mwana wa tiyi uja! Wabwera naye tiyiyo?”

Tinaseka, koma kuseka kwake sikunapite patali. Ndinawafotokozera zonse, za chipika, za mabini, za Joni. Anamvetsera osandidula, kenako anaimirira n'kunditengera kuseri kwa nyumba. Anakweza chipepala cha pulasitiki. Pansi pake panali mulu wa malata odulidwa kale, mbali za ndowa ndi matako ake, zosanjikizidwa bwinobwino, chilichonse cholingana ndi chinzake, dzimbiri litayamba kudya m'mphepete.

“Nanenso ndinayesa, mwanangu,” anatero. “Kudula ndinadula. Koma msoko wanga ukudontha ngati dengu. Ndinagulitsapo zingapo, azimayi anazibweza madzi akuwatsikira m'khosi. Ndiye ndinangozivundikira. Pangali masengo akuno, ntchito kulibe.”

Ndinaima pamenepo misozi ikutsika. Kuno malata odulidwa bwino akuwola posowa wolumikiza, kwathu wolumikiza akudzicheka zala ndi chisizasi, pakati pawo pali mapiri ndi mtsinje. Ndinafunsa kuti bwanji osamatumiza malatawa kwathu. Anati anaganizapo kale. Kuwatsitsa mapiri, kuwapititsa ku Nkope, kudzawabwezanso ku tauni kwa wowotcherera, ndowa ikamadzafika kwa wogula idzakhala yokwera mtengo moti aliyense adzangotenga yapulasitiki. Koma anati ngati mwini makina ndi wowotcherera alipo, ndipo malo apezeka, iwo akhoza kutsika mawa lomwe. Fodya anali atawatopetsa kale msana.

Ndinatsika mapiri aja mtima uli m'malo pang'ono. Pa boma ndinayamba ndafika pa sitolo ya misomali ija kuti ndifunse, koma ndinapeza akugulitsamo mafoni. Amisiri atachoka, wamisomali naye anasowa womugula. Wakabaza wina yemwe ankanyamula katundu pa Mzere ndi amene anandiuza za mwini makina. Anapita nawo kumudzi kwawo n'kuwaika pakhonde, ndipo palibe anabwera kudzapinditsa kanthu. Mapeto ake anawagulitsa kwa ogula zitsulo zakutha, omwe anawaphwanya ndi nyundo n'kuwayeza pa sikelo. Mwiniwakeyo anali ali ku Joni kale.

Wowotcherera ndinamupeza mbali ina ya tauni, pamalo pomwe owotcherera angapo anasonkhana. Pa onse a pa Mzere, iye yekha ndi amene ananenepa. Ankapanga mageti ndi mafelemu a mawindo a nyumba zomwe anthu a ku Joni akumanga. Anandilandira bwino, anandipatsa mpando, n'kumvetsera atakweza magalasi ake akuda pamphumi.

“Alamu, ndikuuzeni zoona,” anatero. “Ine pano ndili ndi anzanga. Uyu amadula, uyo amapenta, wogulitsa zitsulo ali apo. Sindingasiye zimenezi kuti ndikayambirenso mbaula ndi anthu awiri. Ndowa zathu zinkalimbana ndi zapulasitiki chifukwa tinkatulutsa mulu pa tsiku. Imodziimodzi simungathe. Achimwene akafuna abwere ndiwaphunzitse kuwotcherera, koma ayambira pansi, kunyamula zitsulo.”

Popita kokwerera minibasi ndinadutsa pa Mzere. Nyumba yosanja inali itafika pa mawindo am'mwamba. Omanga anali atawerukako, ndipo panali zii. Ndinkamva masilipasi anga akulira pamalo pomwe kale sindinkamva ndi mawu anga omwe.

Amuna anga anapita kwa wowotcherera uja, chifukwa ndinawakakamiza. Sanakhalitse. Ankabwera maso ali psuu, misozi ikungotsika yokha chifukwa cha kuwala kwa moto wowotcherera, ndipo zomwe ankapeza zinkathera pa minibasi. Munthu wa imvi zoyamba ankatumidwa kukagula ndudu ndi anthu oti akanawabereka. Tsiku lina sanadzuke kuti apite, ndipo ine sindinawadzutse. Anabwerera pansi pa mango paja.

Masana ena ndikuchokera ku gombe ndinawapeza akumata poto wa mayi wina, mayiyo ataima pamutu pawo akuwalangiza pomenya. Iwo ankangoti, “Chabwino, mayi. Chabwino, mayi.” Ankavutika ndi kantchito koti kale akanakagwira atatsinzina. Anali ataonda, kolala ya malaya ikulendewera, ndipo anali atayamba kuswalira kunyumba ngakhale Lachisanu, poopa kufunsidwa ndi anzawo kuti ntchito ikuyenda bwanji. Ndinadikirira kuti mayiyo achoke. Ndinatula dengu langa, ndinakhala pa chipika chija, n'kunena ndi pakamwa panga pomwepa.

“Bambo, pitani.”

Anandiyang'ana nthawi yaitali. “Mwanena inuyo?”

“Ndanena ine. Kuno mukufa ndikukuonani.”

Anatola timalata tomwe tinali pansi n'kumatisanja, ngati kuti tili ndi ntchito. Ananyamuka kupita ku Joni mwana asanabadwe.

Ntchito anaipeza pa fakitale yopanga ngalande za madzi a padenga, m'dera lomwe akuti kuli mafakitale okhaokha. Pa foni mawu awo anasintha. Munthu wosachuluka zonena uja ankamaliza mayunitsi kundifotokozera za makina odula okha, za fakitale yoyandikana nayo yomwe imapanga misomali, ndi ina ya kuseri yomwe imapenta. Ankati zomwe ankavutika nazo mwezi wathunthu pansi pa mango, kumeneko zimatuluka asanamwe tiyi wam'mawa. Anawapatsa gawo la msoko, ndipo makona akavuta abwana amaitana iwowo. Za kachipinda komwe amagona mopanikizana ndi anzawo, za kubisala mapepala okhalira kumeneko akatha, za tsiku lomwe anawalanda foni ndi mpeni, ankangozitchula mwachidule n'kubwereranso ku makina. Ndinkamvetsera mtima ukundiwawa, chifukwa munthuyu anali atakhalanso wamoyo, ndipo zimenezo zinkachitika ine kulibe.

Mwana anabadwa wamkazi. Thandizo linkabwera mosadukiza. Tinamanga nyumba ya njerwa zowotcha, ndipo mafelemu a mawindo ndinakagula kwa wowotcherera yemwe uja. Amdala odula anamwalira chaka china, uthenga n'kundipeza ataikidwa kale. Akazi a m'mudzi amati ndili ndi mwayi, amuna anga sanakwatire kwina, saiwala kwawo. Ndimawayankha kuti eya, ndili ndi mwayi, ndipo ndikalowa m'nyumba ndimamenyetsa chitseko.

Amuna anga anabwera patapita zaka, nthawi ya Idi, wamng'ono uja atayamba kale kupita ku madrasa. Anati akhala mwezi wathunthu. Ndinapha nkhuku, ndinaphika mpunga, ndinavala chitenje chatsopano ngati mtsikana. Ana akuluakulu anawathamangira. Wamng'onoyo anagwada chapatali, anapereka moni ndi manja awiri monga ndinamuphunzitsira, kenako n'kudzabisala kumbuyo kwanga. Ndinamuuza kuti awa ndi bambo ako aja umayankhula nawo pa foni. Anagwedeza mutu, koma maswiti anawalandira atayang'ana kumbali.

Masiku oyamba zinali bwino. Anayendera abale, anapita ku manda a amayi anga omwe anamwalira iwo ali kutali, anaseka ndi ana. Kenako ndinayamba kuona. Ankadzuka m'mamawa n'kumazungulira nyumba, kugwira ichi, kugwira icho, kusowa pokhazika manja. Ankayang'ana pa foni n'kumaseka mauthenga a anzawo a ku fakitale, m'chinenero chomwe ine sindimva. Ndinawauza kuti zida zawo ndinazisunga, zili m'bokosi kuchipinda, mwina angafune kukhoma kanthu. Anatsegula, ananyamula nyundo, anaiyeza kulemera kwake m'manja, n'kuibwezera.

“Ndekha ndingapange chiyani?” anatero, ndipo anatseka bokosilo.

Mwezi usanafike ndi pakati pomwe, anati abwana aimba, kwabwera ntchito yaikulu ndipo anzawo akuvutika popanda iwo. Sindikudziwa ngati abwanawo anaimbadi. Sindinafunse. Chomwe ndinaona n'chakuti pamene ankanena zimenezi nkhope yawo inali yowala kuposa tsiku lomwe anafika.

Ndinawanyamulira chikwama mpaka pa msewu. Ndinkafuna kukalipa, kuwakumbutsa kuti anati mwezi, kuwafunsa kuti ine ndikalambira ndani. Koma ndinangowapatsira chikwamacho. Minibasi inabwera, anakwera, anatulutsa dzanja pa windo, ndipo ndinaima pamenepo mpaka fumbi linakhazikika.

Nditabwerera kunyumba ndinapeza wamng'ono uja atatulutsa zidole zake zadothi zomwe anazibisa masiku onsewo. Anali atazimwaza pakhonde ponse, atatambalala, akuimba. Anandiyang'ana n'kufunsa, “Amayi, alendo aja apita?”

Ndinamuuza kuti eya, apita, ndipo anapitiriza kusewera.